Kuno mlandu umaola: kusumira bwana pagulu akakuberani malipiro

Kwathu timati mlandu suola. Munthu akakudyera mbuzi chaka chino ukhoza kukamukumbutsa kwa amfumu patapita zaka zisanu, nkhani n'kumvedwa bwinobwino. Abale anga, kuno ku Mangalande mlandu wa malipiro umaola, ndipo umaola msanga kuposa tomato wa pamsika. Ndalemba izi chifukwa cha mafoni omwe ndimalandira ndikaweruka, makamaka ochokera kwa azichemwali ndi azichimwene ogwira ntchito ya care. Funso limakhala lomwelo: bwana sakutilipira maola athu onse, tilipo ambiri, kodi tingamusumire limodzi?

Yankho ndi loti inde. Koma "limodzi" wakeyo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ambiri amagwera pamenepa. Ndineneretu kuti ine sindine loya, ndine namwino. Zomwe ndikudziwazi ndinaziphunzira zitandigwera.

Nditangofika kuno, ndisanakhoze mayeso a OSCE ndi kulandira nambala yanga ya unamwino, ndinkasamalira okalamba pa nyumba ina kumpoto kwa England. Shifiti inkayamba 8 koloko m'mawa, koma ankatiuza kuti tizifika 7:45 kuti anzathu a usiku atiuze mmene agogo agonera. Madzulo chimodzimodzi, m'malo motuluka 8 koloko tinkatuluka 8:15. Theka la ola limenelo pa payslip silinkaoneka. Ine ndinkangoti kaya ndi mmene zimakhalira kuno, mlendo sayankhula zambiri.

Tiwerengere ndi mtengo wa 2025. Mu Epulo chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo anafika £12.21 pa ola, ndipo amasintha Epulo aliyense. Theka la ola, mashifiti anayi pa sabata, masabata 48 pa chaka, ndi maola 96. Ndalama yake ndi £1,172 munthu mmodzi. Mukakhala anthu 20, bwana wasunga zoposa £23,000 pa chaka popanda kuthyola chitseko cha munthu. Apa m'pamene pali nzeru yonse ya mlandu wa pagulu. Ndalama ya munthu mmodzi ndi yochepa moti loya sangaitaire nthawi, ndipo bwana amadziwa zimenezo. Mukaiphatikiza imakhala nkhani.

Mlandu wa pagulu n'chiyani

Ndi mlandu womwe antchito angapo, omwe alakwiridwa mofanana ndi bwana mmodzi, amakasuma pamodzi kuti khoti liunike nkhaniyo kamodzi. Ilipo mitundu iwiri, ndipo chonde musaisokoneze. Mtundu woyamba, anthu ochepa amaimira gulu lonse, ndipo aliyense wa m'gululo amakhala ali kale mu mlandumo pokhapokha atanena yekha kuti ndichotseni. Umenewu ndi womwe timaonera m'mafilimu a ku America, amati class action. Mtundu wachiwiri, munthu salowa mu mlandu pokhapokha atalembetsa dzina lake. Milandu yambiri ya malipiro, kuno ku Britain ngakhale ku America komweko, ndi ya mtundu wachiwiriwu. Ngati dzina lanu palibe pa mndandanda, anzanu akapambana inu mudzangowayamikira.

Mmene zimayendera ku Britain

Milandu ya malipiro imapita ku bwalo la milandu ya ntchito lomwe amati Employment Tribunal. Lamulo la Employment Rights Act la 1996 limaletsa bwana kudula malipiro a munthu popanda chilolezo cha lamulo, cha kontirakiti, kapena chomwe munthuyo anasainira zisanachitike. Kusakulipirani maola omwe mwagwira kumawerengedwa ngati kudula komweko.

Musanapite ku bwaloli muyenera kuyamba mwadziwitsa ACAS, bungwe lomwe limayesa kuyanjanitsa bwana ndi wantchito. Kuyambira 2014 zimenezi n'zokakamiza. ACAS sailipiritsa. Zokambirana zikakanika amakupatsani satifiketi yokhala ndi nambala, ndipo nambalayo ndi yomwe mumalemba pa fomu ya ET1 yoyambitsira mlandu. Anthu omwe nkhani zawo n'zofanana amaloledwa kukhala pa fomu imodzi, koma aliyense dzina ndi adiresi yake zilembedwe, ndipo onetsetsani kuti ku ACAS nakonso dzina la aliyense linapita. Mukakhala ambiri, woweruza akhoza kusankha anthu ochepa kuti milandu yawo imvedwe poyamba, ndipo chigamulo chake n'kukhala muyezo wa ena onse.

Tsopano nthawi, pomwe pamaolera mlandu. Muli ndi miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pa tsiku lomwe munayenera kulandira ndalamayo. Ngati tsiku la malipiro linali 30 Juni, ACAS ikhale itamva za inu pofika 29 Sepitembala. Ngati bwana wakhala akudula mwezi ndi mwezi, mumawerengera kuchokera pa kudula komaliza. Mukadziwitsa ACAS, wotchiyo imaima kaye pamene akuyesa kukuyanjanitsani. Lamulo latsopano la Employment Rights Act la 2025 linavomereza kuti nthawiyi italikitsidwe kufika miyezi isanu ndi umodzi, koma zigawo za lamuloli anazikonza kuti ziziyamba pa masiku osiyanasiyana, ndiye ine ndimauza aliyense kuti werengerani itatu basi. Palibe anaonongekapo chifukwa chofika msanga.

Msampha waukulu ndi uwu: kulemba kalata yodandaula kwa bwana sikuimitsa wotchi. Mabwana ena ochenjera amakuuzani kuti tikuunika, a ku likulu ayankha sabata ya mawa, tikumane mwezi wa mawa, mpaka miyezi itatu yatha. Lembani kalatayo ndithu, n'kofunika, koma ku ACAS pitaninso.

Chinanso, kuyambira Julayi 2015 bwaloli ku England, Wales ndi Scotland limangobwerera m'mbuyo zaka ziwiri pa milandu yodula malipiro. Mukadikira zaka zinayi, ziwiri zoyambazo zapita. Ilipo njira ina ya khoti wamba la county, komwe ngongole ya kontirakiti mukhoza kuitsatira mpaka zaka zisanu ndi chimodzi ku England ndi Wales, kapena zisanu ku makhoti a ku Scotland, koma kumeneko mumalipira kuti muyambitse mlandu. Ku Northern Ireland dongosolo ndi lina, m'malo mwa ACAS kuli Labour Relations Agency.

Ku Employment Tribunal kusuma n'kwaulere, ndipo nkhani ya ulerewu nayonso inachita kumenyedwa. Mu 2013 boma linaika mitengo, mlandu wa malipiro £390 kuti ufike pomvedwa, wa kuchotsedwa ntchito £1,200. Milandu inatsika kwambiri, chifukwa ndani angalipire £390 kuti atsatire £300? Bungwe la UNISON linatengera boma ku khoti, ndipo mu Julayi 2017 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti mitengoyo inali yosemphana ndi lamulo. Komanso ku bwaloli, mukagonja, nthawi zambiri simulipira maloya a bwana, pokhapokha ngati munanama kapena munachita zosayenera.

Ngati nkhani yanu ndi yoti mukulandira zosakwana malipiro otsikitsitsa, pali khomo lina lomwe ambiri sadziwa. Mukhoza kudandaula ku boma kudzera pa tsamba la gov.uk, ntchito yomwe yakhala m'manja mwa HMRC. Iwo akafika pa kampani amaunika mabuku a antchito onse, osati a wodandaula yekha, amatha kubwerera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bwana amalipitsidwa chindapusa pamwamba pa ngongoleyo. Mukhoza kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe kwa bwana. Kwa munthu woopa, njira iyi ndi yabwino, kungoti mukatero mlandu suli m'manja mwanu, mumangodikira.

Milandu yomwe inachitikadi

Ya ife a care ndi iwiri, wina wokoma wina wowawa. Wokoma ndi wa ku Haringey, kumpoto kwa London. Antchito khumi osamalira anthu khomo ndi khomo, mothandizidwa ndi UNISON, anasuma chifukwa sankalipidwa nthawi yoyenda kuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina. Mlanduwo unayamba mu 2016, unatha mu 2020, ndipo analandira zoposa £100,000 onse pamodzi. Onani bwino, anthu khumi okha, koma zaka zinayi. Mfundo yake njoti nthawi yoyenda pakati pa odwala ndi nthawi ya ntchito. Ulendo wochoka kunyumba kwanu m'mawa ndi wobwerera madzulo ndi womwe suwerengedwa.

Wowawa ndi wa Mencap. Mu Malichi 2021 khoti la Supreme linagamula kuti wantchito wa sleep-in, yemwe amaloledwa kugona pa ntchito ndipo anamupatsa pogona, amayenera malipiro otsikitsitsa pa nthawi yokhayo yomwe wadzuka kuti agwire ntchito. Anthu ambiri omwe ankayembekeza ndalama za zaka zam'mbuyo anangogwira pakamwa. Ine chigamulo chimenechi sindimagwirizana nacho, yemwe anagonapo khutu limodzi lili m'khonde akudziwa kuti si tulo, koma ndilo lamulo. Dziwani kuti shifiti ya usiku yomwe mukuyenera kukhala maso ndi nkhani ina, imeneyo ola lililonse lilipidwe.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, mu Febuluwale 2021, khoti lomwelo linagamula kuti madalaivala a Uber omwe anasuma ndi antchito oyenera malipiro otsikitsitsa ndi a tchuthi, ngakhale makontirakiti ankati ndi odzilemba okha. Anapambana koyamba mu 2016, kampani n'kumachita apilo zaka zonsezo. Phunziro kwa ife omwe timauzidwa kuti ndinu self-employed pomwe rota akulemba ndi bwana: khoti limayang'ana mmene ntchito ikuyendera, osati zomwe pepala likunena.

Waukulu kuposa yonse ndi wa khonsolo ya Birmingham. Amayi ophika, okolopa ndi osamalira anthu anapeza kuti amuna a ntchito za muyezo wofanana, monga otola zinyalala, ankalandira mabonasi omwe iwo sankawaona. Mu 2012 khoti la Supreme linalola anthu oposa 170 omwe anali atasiya kale ntchito kuti akasume ku khoti wamba. Ndalama zomwe khonsoloyi yalipira pa milandu yotereyi zinapitirira £1 biliyoni, ndipo mu Sepitembala 2023 inalengeza kuti chuma chake sichikukwananso. Wa masitolo a Asda nawo ndi wa anthu masauzande ambiri, ndipo pomwe khoti la Supreme linkagamula mu 2021 linali likuyankha funso loyamba lokha, loti kodi ogulitsa m'sitolo angadziyerekeze ndi ogwira ntchito mosungira katundu. Milandu ya pagulu imafuna mtima wautali.

Nanga viza?

Apa m'pamene pali mantha enieni, tisanamizane. Kuyambira Febuluwale 2022, pomwe ntchito ya care inatsegulidwa kwa anthu akunja, anzathu ambiri anabwera pa viza yomangiriridwa kwa bwana mmodzi. Khomo limenelo linatsekedwa mu Julayi 2025 kwa ochokera kunja, koma omwe analowa alipo ndipo chingwecho chikadalipo. Lamulo limati bwana akakuchotsani chifukwa mwafunsa malipiro anu, kuchotsako n'kosemphana ndi lamulo ngakhale mwangogwira miyezi yochepa. Koma akakuchotsani ndithu, Home Office nthawi zambiri imakupatsani masiku 60 kuti mupeze sponsor wina, pomwe mlandu ukhoza kutenga chaka kapena kuposa. Lamulo lili kumbali yanu, kalendala ili kumbali ya bwana.

N'chifukwa chake gulu limathandiza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Bwana akhoza kuchotsa munthu mmodzi n'kunena kuti ankachedwa, koma sangachotse anthu khumi ndi awiri Lolemba lomwelo, agogo awasambitsa ndani? Ena amasankha kupeza kaye sponsor wina kenaka n'kusuma. Zimenezo n'zololedwa, kusiya ntchito sikufafaniza ngongole, bola miyezi itatu ija isakudutseni.

Kwa omwe mapepala anatha, njira ndi yovuta kuno, chifukwa khoti likhoza kukana kontirakiti yomwe munthu ankadziwa kuti ndi yosaloledwa. Koma pali mlandu wa Amalawi anzathu womwe unafika ku Court of Appeal mu 2019. Mayi wina anabweretsedwa kuno mu 2013 kudzagwira ntchito ya m'nyumba pa viza ya miyezi isanu ndi umodzi. Bwana wake, Mmalawinso, anasunga pasipoti n'kumamuuza kuti mapepala akukonzedwa. Mpaka 2015 anali atalandira pafupifupi £3,300 yokha. Bwalo linalamula kuti apatsidwe zoposa £72,000, ndipo apilo ya bwanayo inakanidwa chifukwa mayiyo sankadziwa kuti viza yake sinawonjezeredwe. Sunali mlandu wa pagulu, koma ndautchula kuti mudziwe zoti munthu asakuopsezeni ndi mawu oti ulibe mapepala musanaonane ndi wodziwa malamulo.

Anzathu a ku America ndi ku Joni

Ku America lamulo lake ndi Fair Labor Standards Act la 1938. Maola opitirira 40 pa sabata amalipidwa mtengo umodzi ndi theka kwa antchito omwe lamuloli limawateteza. Mlandu wa pagulu pansi pa lamuloli ndi wolembetsa: mumasaina chikalata chovomera, chimapita ku khoti, ndipo nthawi yanu imapitirira kutha mpaka tsiku lomwe chafika. Mumabwerera zaka ziwiri, kapena zitatu ngati bwana anachita dala, ndipo khoti likhoza kulamula kuti ndalamayo ibwere kawiri. Koma yang'anani zomwe munasaina polowa ntchito. Mu 2018 khoti la Supreme la kumeneko, pa mlandu wa Epic Systems, linavomereza makontirakiti omwe amaletsa antchito kusuma pagulu n'kuwatumiza mmodzimmodzi kwa woweruza wapadera.

Mlandu womwe unandikhudza ngati namwino ndi wa anamwino oposa 200 a ku Philippines omwe anatengedwa kukagwira ntchito m'nyumba za okalamba ku New York. Sankalandira malipiro omwe anawalonjeza, ndipo kontirakiti inkati wosiya ntchito nthawi isanakwane alipire $25,000. Anasuma mu 2017, ndipo mu 2019 khoti linagamula kuti chiopsezo chimenecho chinali kuphwanya lamulo loletsa kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza.

Ku South Africa khomo losavuta ndi CCMA, ndipo n'kwaulere. Kuyambira Januwale 2019, antchito olandira malipiro ochepa akhoza kutengera kumeneko nkhani ya ndalama zomwe bwana sanawalipire. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa anayamba ndi R20 pa ola, ndipo mu Malichi 2025 anafika R28.79. Mukhoza kupita pagulu, mayina ndi masiginecha onse pa mndandanda. Ngongole ya malipiro imafa pakatha zaka zitatu, koma nkhani yochotsedwa ntchito ili ndi masiku 30 okha. Ndipo mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la ntchito linanena kuti mlendo yemwe alibe pemiti yovomerezeka ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Azibambo athu a pa Theba nawo anakhudzidwa ndi mlandu wa pagulu weniweni, ngakhale unali wa matenda a m'mapapo osati malipiro: khoti la ku Johannesburg linauvomereza mu 2016, mgwirizano wa R5 biliyoni unavomerezedwa mu 2019, ndipo ndalama zimadzera ku Tshiamiso Trust. Ngakhale pamenepo, munthu kapena banja lake ayenera kukalembetsa.

Maloya, mabungwe ndi mapepala

Ndabwereranso kuno ku Britain. Ngati muli m'bungwe la antchito, monga UNISON, GMB, Unite kapena RCN kwa ife anamwino, yambirani kumeneko, loya amakhala wa bungwe. Kungoti mabungwe sakonda kutenga vuto lomwe linayamba musanalowe, ndiye lowani zinthu zikadali bwino. Maloya a "no win no fee" amadula pa zomwe mwapambana, ndipo pa milandu ya ku Tribunal lamulo silimawalola kupitirira 35 peresenti. Funsani kuti mukatuluka pakati pa mlandu mulipira zingati. Citizens Advice ndi ma law centre amalangiza mwaulere. Munthu wa kutchalitchi yemwe akuti ndipatseni £200 aliyense ndikuyendetserani, mufunseni kaye kuti ndi loya wolembetsedwa kuti.

Umboni ndi womwe umapambanitsa. Sungani payslip iliyonse, kontirakiti, zithunzi za rota, mauthenga a pa WhatsApp omwe manijala akuti bwera msanga, ndi kabuku kanu komwe mumalemba nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lomwelo. Ndalama za yunifomu zomwe anakudulani lembaninso, chifukwa zikakutsitsani pansi pa malipiro otsikitsitsa ndi mlandu. Koma mafayilo a odwala musajambule, mungapambane mlandu wa malipiro n'kutaya ntchito ndi dzina.

Ndipo kupambana sikulandira. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti mwa anthu omwe anapambana ku Tribunal, pafupifupi theka lokha ndi omwe analipidwa zonse, ndipo mmodzi mwa atatu sanalandire kanthu. Makampani ang'onoang'ono a care amatseka lero n'kutsegula mawa ndi dzina lina. Kampani ikagwa mwalamulo, Insolvency Service imalipira malipiro a masabata osapitirira asanu ndi atatu, pa muyezo womwe boma linaika. N'chifukwa chake kugwirizana kudzera ku ACAS, ngakhale ndalama itachepako, nthawi zina kumaposa chigamulo chokongola cha pa pepala.

Ifenso zinathera komweko. Tinalipo 14 okhudzidwa, osaina tinali 9. Atatu anaopa za viza, ndipo sindiwaweruza. Awiri anati tione kaye mmene ziyendere. Tinalemba kalata imodzi, tinadziwitsa ACAS sabata yomweyo, ndipo kampani itaona kabuku ka mnzathu wina wa ku Zimbabwe, yemwe ankalemba mphindi iliyonse, inasintha rota mwezi womwewo n'kuyamba kulipira theka la ola lija. Za m'mbuyo inalipira patapita miyezi isanu, ife 9 tokha. Zanga zinagula malata a nyumba ya amayi ku Ntcheu.

Mmodzi wa odikira aja anandipeza titatuluka m'tchalitchi, akuti achemwali, dzina langa mungaliwonjezere? Mgwirizano unali utasainidwa kale, ndipo kuchokera pomwe kudulako kunasiya miyezi itatu inali itadutsa. Ndinamulembera pa pepala njira ya khoti la county ndi ya kudandaula ku boma. Ndikamufunsa amati akuganizabe.